Funso la mwana wa Fomu 3: kodi buku la sayansi likusiyana pati ndi katekisimu?

Aphunzitsi a Kamwendo, Area 25

Akuluakulu nonse a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere kuyambira Lachiwiri. Ndimaphunzitsa Biology pasukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Lilongwe, ndipo tsikulo ndimafotokozera ana a Fomu 3 mmene kachirombo ka malungo kamachokera m'malovu a udzudzu, n'kukabisala m'chiwindi cha munthu, kenako n'kulowa m'magazi. Mtsikana wina amene amakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera lopanda galasi, anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi inuyo kachiromboko munakaonapo?"

Ndinamuyankha zoona, kuti ndidakaonapo kamodzi kokha ndili ku koleji, pa kagalasi kamene munthu wina adakonzeratu, ndipo ndidangouzidwa kuti kadontho kofiirira kamene ndikuonako ndi komweko. Maikulosikopu ya pasukulu pathu idawonongeka kalekale ndipo ili m'kabati mwa ahedi. Mwanayo sanachedwe, anati, "Ndiye kuti inuyo mumakhulupirira buku lanu ngati mmene abusa athu amakhulupirira lawo." Kalasi yonse inaseka, belu linalira, ine ndinatuluka choko chili m'manja, yankho ndilibe.

Ine ndine mkhristu, ndimaimba nawo kwaya ya amuna kumpingo kwathu, kotero sindikufuna kuti tinyozane pa za chipembedzo. Chimene ndikupempha n'chakuti mundithandize kupeza mawu oti ndikamuuze mwanayu Lachisanu. Ngati ana amaloweza zolemba zanga monga amalowezera katekisimu, ndipo onse awiri, ine ndi abusa, timawauza kuti "zidalembedwa", kusiyana kwake kuli pati?

Mayi Nachisale, Kawale

Aphunzitsi, mwana ameneyo musamukalipire, chifukwa safunsa adadya phula. Ine ndidagwira ntchito ya unamwino zaka zoposa makumi atatu, ndipo ndikufuna ndikuyankheni ndi matenda omwewo amene mumaphunzitsawo.

Pamene ndimayamba ntchito m'zaka za m'ma 1980, mankhwala a malungo adali chloroquine basi. Adali owawa koopsa, ena akamwa ankadzikanda thupi lonse usiku wathunthu, koma tinkawadalira ndipo zidalembedwa m'mabuku athu onse kuti amachiritsa. Kenako tidayamba kuona ana akubwereranso patangopita masiku ochepa, thupi likutentha ngati poyamba, zikhatho zili mbee chifukwa cha kuchepa kwa magazi. Poyamba tinkaimba mlandu amayi awo kuti sakumalizitsa mankhwala, ndipo ndikakumbukira mmene ndinkawalankhulira amayi amenewo ndimachita manyazi mpaka lero. Koma ofufuza adayamba kuyeza magazi a anawo asanamwe mankhwala ndiponso atamwa, n'kumawerenga tizirombo totsalamo, ndipo zidaoneka kuti tizirombo tidazolowera mankhwalawo. M'chaka cha 1993 dziko la Malawi lidakhala loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba SP, amene anthu ankangowatchula kuti Fansidar. SP nayenso atayamba kufooka, mu 2007 tidasinthira ku LA amene mukumwa lero.

Chodabwitsa chidadza pakati pa zaka zimenezi. Kafukufuku amene adachitikira ku Ndirande mumzinda wa Blantyre, n'kusindikizidwa mu 2006, adapeza kuti chloroquine uja adayambanso kupha tizirombo pafupifupi mwa ana onse amene adapatsidwa, chifukwa mtundu wa tizirombo wosamva mankhwalawo udazilala atasiya kugwiritsidwa ntchito. Choncho m'moyo wanga wa ntchito buku lathu lidalembedwanso kangapo pa nkhani imodzi yomweyi, ndipo palibe namwino kapena dokotala amene adachotsedwa mumpingo wa azachipatala chifukwa chonena kuti tsamba lakuti lalakwika. Amene adapeza cholakwikacho ndi amene adatamandidwa. Kamuuzeni mwanayo kuti buku lanu lidalembedwa ngati ndi pensulo, ndipo aliyense wobwera ndi umboni wokwanira amaloledwa kufufuta.

Bambo Zimba, Mchesi

Mayi Nachisale, ndi ulemu wonse, nkhani yanuyo ikundilimbikitsa ine amene ndimakayika. Ngati lero akunena izi, mawa izo, mkuja n'kubwereranso ku zoyamba zija, ndiye kuti anthuwa sadziwa chimene akunena, akungoyesera pa matupi athu. Nthawi ya Covid-19 tidamva poyamba kuti zophimba pakamwa n'zofunika kwa odwala ndi azachipatala okha, posakhalitsa tidamvanso kuti aliyense avale. Ndiponso tisaiwale kuti ku Tuskegee, m'dziko la America, kuyambira 1932 mpaka 1972 madokotala adasiya dala amuna akuda odwala chindoko osawapatsa mankhwala, ngakhale penicillin atapezeka, pofuna kungoona mmene matendawo amamalizira munthu. Amenewo adali anthu a sayansi, ovala makoti oyera. Ine ndimakonda chinthu chimene ndikagona n'kudzuka ndimachipeza chili pomwepo. Mawu amene agogo anga adaphunzitsidwa m'kalasi ya ubatizo ndi omwewo amene mdzukulu wanga akuphunzira lero.

Abusa a Mbewe, Area 23

Ndathokoza aphunzitsi potsegula nkhaniyi mwaulemu. Ndiyambe ndi kuvomera kuti Mayi Nachisale anena zoona pa mfundo yaikulu. Chiphunzitso chokhazikika cha mpingo sichidalira kuyeza. Chikhulupiriro chimene mabishopu adagwirizana ku Nicaea m'chaka cha 325, n'kudzachiwonjezera ku Constantinople mu 381, timachinenabe lero, ndipo palibe labotale imene ingachitsimikize kapena kuchigwetsa. Timachilandira chifukwa timakhulupirira Iye amene adachiulula, ndipo mbusa wonena kuti ali ndi umboni wa mtundu wa kuchipatala wosonyeza kuti Mulungu ndi mmodzi mwa atatu akunamiza nkhosa zake.

Koma ndikupempha kuti tisaganize kuti nyumba ziwirizi nthawi zonse zakhala pa udani. Robert Laws, amene adafika ku Cape Maclear mu 1875, adali mbusa komanso dokotala. Anzake atayamba kufa ndi malungo, mishoni idasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako kumtunda ku Khondowe. Masiku amenewo azungu ambiri ankakhulupirira kuti matendawa amadza ndi mpweya woipa wa m'madambo, ndipo dzina lawo la matendawa lidachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza zomwezo. Kachirombo kake adakaona Alphonse Laveran ku Algeria mu 1880, ndipo Ronald Ross adakapeza m'mimba mwa udzudzu ku India mu 1897. Amishoni sadakane zimenezi ponena kuti sizidalembedwe m'Malemba, adazilandira n'kumaziphunzitsa m'zipatala zawo. Gregor Mendel, amene aphunzitsi amaphunzitsa za nsawawa zake za mtundu wa kabaifa mu Fomu 4, adali wansembe wokhala m'nyumba ya amonke ku Brno. Georges Lemaître, amene mu 1927 adawerengera kuti thambo lonse likufutukuka, adali wansembe wa Katolika wa ku Belgium.

Pamene ine ndimaona ngozi ndi pamene munthu watenga ulamuliro wa guwa n'kukaweruza nawo nkhani yoyezeka. Zaka zingapo zapitazo ndidaika m'manda mayi wina wachitsikana wa mumpingo mwathu amene adapita kukapemphereredwa kuphiri lina, n'kuuzidwa kuti wachira ndipo kumwabe ma ARV n'kusakhulupirira. Mabotolo ake tidawapeza pansi pa matiresi, awiri osatsegula n'komwe. Adasiya ana awiri, wamng'ono asanayambe Sitandade 1. Funso loti m'magazi mwa munthu muli kachirombo kapena mulibe lili ndi makina oliyankha, ndipo mlaliki alibe gawo pamenepo. Funso loti ana awiri aja ndi udindo wa yani, makina aja sangaliyankhe.

Tadala Chirwa, Bunda

Abusa, ndine wamng'ono pagulu pano ndipo mundikhululukire ngati ndilumpha malire, koma malire amene mwajambulawo mpingo sudawajambule mwa kufuna kwake. Udakankhidwirako. Mu 1633 Galileo adaimikidwa pamaso pa bwalo la mpingo ku Rome chifukwa chophunzitsa kuti dziko limazungulira dzuwa, adakakamizidwa kukana zimene adalemba, ndipo adakhala wotsekeredwa m'nyumba mpaka imfa yake mu 1642. Nthawi imeneyo akuluakulu a mpingo sadanene kuti iyi ndi nkhani yoyezeka, si yathu. Adati ndi yawo. Papa Yohane Paulo Wachiwiri adadzavomera poyera mu 1992 kuti oweruza aja adalakwa, patapita zaka 359. Boma lathu lidasiya chloroquine m'zaka zochepa chabe umboni utaoneka.

Ndipo nkhani zotere sizidathe. Ku Karonga, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, mwaimikidwa chigoba cha Malawisaurus, chinyama chimene chidakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. M'boma lomwelo, pamalo otchedwa Uraha, mu 1991 mudapezeka chibwano cha munthu wamakedzana cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Mnzanga wina wa m'chipinda chimodzi kuno ku koleji amalemba zaka zimenezi pa mayeso n'kukhoza bwino, koma Lamulungu amavomereza kuti dziko lili ndi zaka zikwi zisanu ndi chimodzi zokha. Nditamufunsa kuti ndi umboni wotani umene ungamusinthe maganizo, anandiyankha kuti palibe, ndipo ananena monyadira. Kwa ine kusiyana kwagona pa yankho limenelo. Wasayansi weniweni mukamufunsa funso lomwelo amakuuzani chinthu chimene chitapezeka angavomere kuti adalakwa.

Abusa a Mbewe, Area 23

Mwana wanga Tadala, sunalumphe malire alionse, ndipo za Galileo sindingazikane. Ndingowonjezera kuti kuuma mutu si matenda a ansembe okha. Ignaz Semmelweis adasonyeza ku Vienna mu 1847 kuti madokotala akamasamba m'manja ndi mankhwala asanagwire amayi oyembekezera, imfa zimachepa kwambiri, koma madokotala anzake ambiri adamunyoza, ndipo adafera m'chipatala cha odwala misala mu 1865. Komabe ndikuvomera kuti amene adadzamuyeretsa pambuyo pake ndi madokotala omwewo, pogwiritsa ntchito njira yawo yomweyo yowerenga ndi kuyeza. Za mnzakoyo, si akhristu onse amene amawerenga masiku a chilengedwe ngati masiku a pakalendala, ndipo mkangano umenewo ulipo pakati pa ife tomwe kuyambira kale.

Bambo Gondwe, Mitundu

Ine ndine mlangizi wa zaulimi, ndipo ndikufuna ndiyankhe Bambo Zimba, chifukwa mawu awo ndimawamva chaka chilichonse pansi pa mtengo wa mango pamene tikuchita msonkhano wa alimi. Makolo athu adaphunzitsidwa kubzala chimanga mbewu zitatu paphando, mapando otalikirana masentimita 90. Ife tidabwera ndi njira imene alimi amaitchula kuti Sasakawa, mbewu imodzi paphando, masentimita 25 pakati pa mapando, mizere yotalikirana masentimita 75. Agogo ena adandiuza maso ndi maso kuti, "Inu alangizi ndinu anthu osakhazikika, amene adalipo inu musanabwere adatiuza zina."

Sindidakangane nawo. Tidagawa munda wawo pawiri ndi chingwe, mbali ina njira yawo yakale, ina ya Sasakawa, mbewu ya mtundu umodzi, feteleza wofanana, tsiku lobzala limodzi, kupalira tsiku limodzi. Pokolola tidaika zokolola za mbali iliyonse padera, tidatonola, n'kuyeza ndi ndowa yawo yomwe, iwo eni akuwerenga. Sindinena kuti mbali iti idapambana, chifukwa mfundo yanga si imeneyo. Mfundo ndi yakuti tisanabzale tonse awiri tidagwirizana kuti ndowa ndiyo idzaweruze, ndipo aliyense wa ife adali wokonzeka kuchita manyazi. Ku Chitedze akatswiri amachita zomwezo, kungoti amabwereza m'timinda tambiri ndi kwa zaka zingapo mbewu isanaloledwe kupita kwa alimi. Chiphunzitso cha mpingo simungachigawe ndi chingwe chotero, ndipo sichidapangidwire zimenezo.

Koma aphunzitsi a Kamwendo, mwana wanuyo wagwira pachilonda chenicheni, ndipo ife a ntchito zaukatswiri tisadzitame. Nthawi ya atsamunda kudali malamulo a malimidwe, okakamiza anthu kuunga mizere ndi migula yoteteza nthaka, ndipo wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa kumene. Mfundo yoti madzi othamanga amakokolola nthaka idali yoona, koma idafika kumudzi ndi chikoti, popanda woifotokoza, ndipo anthu adaida mpaka idasanduka nkhani ya ndale m'zaka za m'ma 1950. Mfundo ya sayansi ikafika kwa munthu ngati lamulo losafunsidwa, kwa iyeyo yasanduka katekisimu, ngakhale ikhale yoona chotani. Ndikuopa kuti m'makalasi mwathu, mmene ana 100 amaphunzira za maselo popanda kuona selo ngakhale limodzi, ndi zimene zikuchitika.

Che Jafali, Malangalanga

Ndalowa mochedwa chifukwa ndinali ku shopu, koma ndawerenga zonse. Kwa ife Asilamu nkhaniyi imatipeza chaka ndi chaka pa kuoneka kwa mwezi. Akatswiri a zakuthambo amatha kuwerengeratu ola ndi mphindi imene mwezi watsopano ubadwe, zaka zambiri zisanafike. Amene mudalipo mukukumbukira kadamsana wa pa 21 June 2001, amene adadetsa Lusaka masanasana ndipo kuno tidaona dzuwa litadyeka mbali yaikulu. Tsiku ndi ola zidalengezedwa kale, ndipo zikadapanda kuchitika dziko lonse likadaona kuti masamu awo ndi olakwika. Ngakhale zili choncho, ambiri a ife timadikirabe kuti mboni zodalirika ziuone mwezi ndi maso tisanayambe kusala kapena kumasula, ndipo n'chifukwa chake nthawi zina tsiku la Eid limasiyana pakati pa maiko.

Ena amatiseka kuti tikukana sayansi, koma mafunso ake ndi awiri osiyana. Loti mwezi uli pati usiku uno, amayankha ndi masamu, ndipo shehe wotsutsana ndi masamuwo walakwa. Loti kusala kuyambe potsatira kuona kapena kuwerengera ndi lamulo la kupembedza, ndipo pamenepo ngakhale mashehe amasiyana maganizo. Ndikumbutsenso kuti Ibn al-Haytham, amene adakhala ku Cairo zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, adasonyeza poyesa kuti timaona chifukwa kuwala kumalowa m'diso, osati kutuluka m'diso monga ena mwa akatswiri akale a ku Greece ankaphunzitsira. Adali Msilamu wopemphera, ndipo sadaope kutsutsa mabuku olemekezeka.

Mayi Nachisale, Kawale

Bambo Zimba, za ku Tuskegee n'zoona ndipo n'zonyansa, palibe chozikometsera. Zidaululika mu 1972, ndipo n'zina mwa zifukwa zimene lero kafukufuku aliyense wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, ndipo munthu amafotokozeredwa n'kusaina yekha asanalowemo. Njira yoyezera zinthu siisandutsa munthu kukhala wachifundo, pamenepo ndikugwirizana ndi abusa.

Koma poti mwati mumakonda chinthu chosasuntha, ndikukumbutseni za 1995, pamene magalimoto ankadzaza kupita ku Machinga kukamwa mchape, mankhwala a Edzi amene mwini wake adati adawalota. Nthawi imeneyo ife kuchipatala tidalibe chopatsa anthu, ndipo tinkanena poyera kuti mankhwala ochiza kulibe. Mawu athu adali ozizira, a kumeneko adali otsimikiza, n'chifukwa chake anthu adapita. Ma ARV aulere adayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004, ndipo ngakhale pamenepo sitidanene kuti amachiza, tidati amachepetsa tizirombo, ndipo kuchepako kumayezedwa m'magazi. Katemera wa malungo amene adayambira kuno ku Malawi mu April 2019 nayenso sadalengezedwe ngati chozizwitsa. Tidauza amayi kuti amateteza pang'ono chabe ndipo neti asaisiye. Munthu amene amakuuzani malire a mankhwala ake ndi amene ine ndingamupatse mdzukulu wanga.

Bambo Zimba, Mchesi

Mayi, pa za mchape mwandigwira, chifukwa inenso ndidakwera nawo lole chaka chimenecho ngakhale sindinkadwala, ndidangoti mwina n'kudziteteza. Komabe sindinasinthe pa mfundo imodzi. Ine wa ku Mchesi, wokhoma mabedi ndi mipando, sindidzayezapo magazi a munthu kapena kukumba mafupa ku Karonga. Zonse mwanenazi ndikuzimva kwa inu, monga ndimamvera za kumwamba kwa abusa. Mwana wa aphunzitsi uja sanayankhidwebe.

Aphunzitsi a Kamwendo, Area 25

Bambo Zimba, mwanena zoona, ndipo ndi mmene ndinayambira kalasi ya lero. Ndinamuuza mtsikana uja pamaso pa anzake kuti sanalakwe, kuti zambiri zimene ndimaphunzitsa inenso ndidangozilandira kwa ena. Kenako ndinawafotokozera nkhani ya chloroquine monga Mayi Nachisale anailembera, ndi ya ndowa ya Bambo Gondwe, n'kuwauza kuti ngakhale sitingayeze zonse tokha, chilichonse cha m'buku lathu chili ndi khomo limene munthu wokayika angalowere, ndipo alipo anthu amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kufunafuna zolakwika m'ntchito za anzawo.

Pofuna kuti asangomva ndi makutu, ndinawafunsa kuti udzudzu umachokera kuti. Ena anati m'maudzu, ena anati m'chimanga chikamamasula, mnyamata wina anati m'mango owola. Tinapita kuseri kwa zimbudzi kumene kuli chithaphwi cha madzi a mvula, tinatunga madzi okhala ndi timphutsi tija timavinavina, n'kuwathira m'mabotolo atatu amene tinawaphimba ndi zidutswa za neti yakale. Botolo lachinayi tinathiramo madzi a pampopi ndi khoko la mango, n'kuliphimbanso chimodzimodzi. Aliyense walemba m'kope mwake chimene akuyembekeza kuona sabata yamawa, ndipo ndawaletsa kufufuta.

Tikubwerera m'kalasi, mtsikana uja anayenda pambali panga n'kunena motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, mabotolowa akangosonyeza kumene udzudzu umachokera. Sakasonyeza kuti malungo amachokera mu udzudzu." Ndinaima kaye, chifukwa apanso mwanayo ananena zoona. Ndiye ndabweranso kudzapempha: kodi alipo pagulu pano amene angatibwereke maikulosikopu yogwira ntchito kwa tsiku limodzi, kapena wodziwa munthu wa mu labotale amene angalole kudzaonetsa ana kagalasi ka magazi?

Mayi Nachisale, Kawale

Aphunzitsi, pali mwana wa mchemwali wanga amene amagwira ntchito mu labotale pachipatala china cha mishoni kunja kwa tauni. Ndamuimbira, ndipo wati akapempha chilolezo kwa akuluakulu ake kuti abwere Lachitatu masana ndi makina ake, pamodzi ndi magalasi awiri opanda maina a odwala, lina la magazi a malungo, lina la magazi abwino. Wati musawauziretu anawo kuti la malungo ndi liti, ndipo mtsikana ujayo akhale woyamba kuyang'ana.